Mzinda wa Maina Awiri

Likulu la dziko la Ethiopia lili ndi maina awiri, ndipo dzina limene munthu watchula limaulula mbali imene waima. Pamapu pamalembedwa Addis Ababa, mawu a Chiamhara otanthauza duwa latsopano. Dzinali linadza ndi Taytu Betul, mkazi wa Mfumu Menelik II, amene mu 1886 anatsika kuphiri lozizira la Entoto n'kumanga nyumba pafupi ndi akasupe a madzi otentha. Komatu sanapeze tchire lopanda mwini. Akasupewo anali ndi dzina kale, Finfinnee, ndipo mabanja a Aoromo a mafuko a Gullele, Eka ndi Galan ankalima ndi kuweta ng'ombe pamalopo. Mzinda pokula unawakankhira kunja, maina awo okha n'kutsalira pa madera monga Gullele ndi Yeka.

Menelik atakhala mfumu ya Ethiopia yense mu 1889, anthu anakhamukira kulikulu lake kuchokera kumbali zonse: asilikali, ansembe, amisiri, amalonda. Akale adati mlendo ndi mame, koma mame a mu Addis Ababa sanakamuke. Anabereka ana ndi zidzukulu zosadziwa mudzi wina. Kalembera wa 2007 anapeza anthu oposa 2.7 miliyoni mumzindawo. Pa anthu 100 alionse, pafupifupi 47 anali Aamhara, 20 Aoromo, 16 Agurage ndipo 6 Atigray. Chikhalirecho mzinda wonsewo wazingidwa ndi minda ya Aoromo, ngati chilumba pakati pa nyanja.

Boma la asilikali la Mengistu Haile Mariam litagwa mu 1991, atsogoleri atsopano, patsogolo pawo Meles Zenawi, anaona kuti nkhondo za dzikolo zinkachokera pa kupondereza mitundu ndi zilankhulo zake. Mankhwala awo anali ulamuliro wa fedulo. Kwa Amalawi achikulire mawuwa amakumbutsa Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland cha 1953 mpaka 1963, chimene chinamanga mayiko atatu mtolo umodzi eni nthaka asakufuna. Ku Ethiopia nkhani inayenda mobwerera: malamulo aakulu amene anayamba kugwira ntchito mu 1995 anagawa dziko limodzi m'zigawo zisanu ndi zinayi, makamaka potsata mtundu ndi chilankhulo, chigawo chilichonse ndi boma lake, nyumba yake ya malamulo ndi mbendera yake. Mwana wa ku Oromia anayamba kuphunzira m'chilankhulo cha amayi ake, ndipo mlandu ku khoti unayamba kuzengedwa m'mawu amene woimbidwa mlandu akuwamva. Phindu limeneli silinali laling'ono, ndipo odzudzula dongosololi amalakwa akamaliiwala.

Vuto linali mizinda. Kumidzi malire a mitundu angathe kulembedwa potsata mtsinje kapena phiri, koma mumzinda mitundu inayi imatunga madzi pa mpope umodzi. Mzinda wa Dire Dawa, umene zigawo za Oromia ndi Somali zinkaulimbirana, unaikidwa pansi pa boma lalikulu, ndipo pambuyo pake mipando ya utsogoleri wake inagawidwa mwa mgwirizano wa zipani: magawo 40 kwa Aoromo, 40 kwa Asomali, 20 kwa mitundu ina yonse. Ya Addis Ababa inali yolemera koposa. Ndime 49 ya malamulo aakulu inalonjeza mbali zitatu nthawi imodzi. Anthu okhala mumzindawo inawapatsa ufulu wodzilamulira. Boma lalikulu inalipatsa mphamvu yoti oyendetsa mzinda aziyankha kwa ilo. Chigawo cha Oromia inachilonjeza kuti gawo lake lapadera pa mzindawo lidzalemekezedwa, pa nkhani za ntchito zothandiza anthu, zachilengedwe ndi kayendetsedwe ka zinthu zokhudza mbali zonse ziwiri. Kenaka ndimeyo inangoti tsatanetsatane wake adzaikidwa m'lamulo lina. Olemba anapewa mkangano wa tsiku limenelo poukankhira kwa ana awo.

Aliyense anatsala ndi dandaulo lake. Nzika za mzinda zilibe oziimira mu Nyumba ya Fedulo, imene mamembala ake amachokera m'zigawo ndipo ndiyo imamasulira malamulo aakulu. Pa chisankho cha 2005 zinasankha otsutsa boma pafupifupi pa mpando uliwonse wa khonsolo, koma amene anayenera kukhala meya, Berhanu Nega, anakathera kundende, mzinda n'kupatsidwa kwa oyang'anira osankhidwa ndi boma. Aoromo nawo anaona likulu la chigawo chawo likusamutsidwira ku Adama kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, n'kubwezedwanso ku Finfinnee mu 2005, zonsezo mwa chifuniro cha chipani cholamula. Alimi a m'mphepete mwa mzinda ankalandidwa minda ndi chipukuta misozi chochepa, pamene madzi akumwa a mzindawo amachokera m'madamu a ku Oromia, monga la Legedadi, ndipo zonyansa zake zimabwerera komweko kudzera mumtsinje wa Akaki.

Moto unabuka mu Epulo 2014, pamene kunatuluka pulani yolumikiza chitukuko cha Addis Ababa ndi matauni a Oromia oizungulira. Boma linati ndi nkhani ya misewu ndi nyumba. Aoromo anamvamo za 1886 zikubwerezedwa. Ophunzira anachita zionetsero ku Ambo, ndipo ena anaomberedwa. Mu Novembala 2015 zionetsero zinayambiranso ku Ginchi n'kufalikira chigawo chonse. Pulaniyo inathetsedwa mu Januwale 2016, koma mkwiyo unali utapitirira kale nkhani ya pulani. Pa 2 Okutobala chaka chomwecho, pa mwambo wa Irreecha ku Bishoftu, pamene Aoromo amathokoza Waaqa, Mulungu wawo, mvula ikatha, apolisi anaponya utsi wokhetsa misozi pa khamu limene linkafuula zotsutsa boma. Anthu pothawa anapondana ndi kugwera m'maenje. Boma linavomera kuti anafa oposa 50. Otsutsa anati anali mazana. Mu Febuluwale 2018 nduna yaikulu Hailemariam Desalegn inatula pansi udindo, ndipo mu Epulo analowa Abiy Ahmed, wochokera ku Oromia.

Pa 5 Okutobala 2019 mwambo wa Irreecha unachitikira pakati penipeni pa Addis Ababa, ndipo okonza anati aka kanali koyamba patapita zaka pafupifupi 150. Akuluakulu a mwambo, otchedwa Abbaa Gadaa, anatsogolera chinamtindi cha anthu ovala zoyera, atanyamula udzu wauwisi ndi maluwa achikasu, zimene anaviika m'madzi n'kudziwaza podalitsa chaka. Nzika zina za mzindawo zinasangalala nawo, zina zinaonerera pazenera zili ndi nkhawa kuti mwina zayamba kuwerengedwa ngati alendo kumene zinabadwira. Tsiku limenelo, patatha zaka 24, lamulo lija lolonjezedwa m'ndime 49 linali lisanakhazikitsidwebe. Loyeserera limene nduna zinavomereza mu 2017 linangothera m'makabati a Nyumba ya Malamulo.