Mtengo Womera M'botolo: Mawu Ofunika Kuwadziwa

Mu 2017 ofufuza anapeza mikungudza ikuluikulu 7 yokha yotsala paphiri la Mulanje. Mitengo yobereka ikatha chotere, mbewu nayo imasowa. Ndiye chifukwa chake akatswiri a zomera m'maiko ambiri amadalira tissue culture, luso lomeretsa mtengo m'botolo kuchokera ku kachidutswa kake.

Gwero la lusoli ndi ganizo la Gottlieb Haberlandt wa ku Austria, yemwe mu 1902 anati selo limodzi la chomera lingathe kubala chomera chathunthu. Mphamvu imeneyi ndiyo totipotency. Kachidutswa kodulidwako, kaya ndi nsonga ya mphukira kaya kamtima ka mbewu, amakatcha explant. Amakatsuka ndi mankhwala ophera tizilombo n'kukaika pa chakudya cholimba ngati phala lozizira, chokhala ndi shuga, michere ndi mavitamini. Chodziwika kwambiri ndi MS, chomwe Murashige ndi Skoog anakonza mu 1962. Amayamba achiphika pa 121°C, chifukwa nkhungu ikalowamo ntchito yonse yawonongeka.

M'botolomo mumalamula mahomoni awiri. Auxin akachuluka pamatuluka mizu, cytokinin akachuluka pamatuluka mphukira. Akalingana pamatupa callus, mulu wa maselo omwe sanakhale muzu kapena tsamba.

Nthochi imalola msanga, koma mitengo yambiri ndi yamakani, ndipo yotereyi amati ndi recalcitrant. Kachidutswa ka mtengo wokhwima kamatulutsa utomoni wa phenol umene umadetsa chakudya n'kukapha komweko. Msuku umavutitsa motere. Pothana nazo amathiramo makala opera okonzedwa mwapadera kapena vitamini C, ndipo amasankha mphukira zanthete. Kambande kakamera mizu, pamatsala acclimatisation, kukazoloweza pang'onopang'ono mphepo ndi dzuwa. Mbande zambiri zimafera apa, poti masamba okulira m'chinyezi cha m'botolo sadziwa kusunga madzi.

Mawu oyenera kuwasamala koposa ndi clone. Mbande 1,000 zochokera ku mtengo umodzi ndi mtengo womwewo wobwerezedwa, ndipo nthenda imodzi ingazipulule zonse. Wofuna kupulumutsa mtundu wa mtengo ayenera kutenga tizidutswa ku mitengo yambiri yosiyana.

Labotale ingachulukitse mbande, koma singaletse moto wolusa ndi macheka. Tisadikire kuti mtengo utsale m'botolo mokha; titeteze imene idakaima m'nkhalango zathu.