Mudzi Umene Unadzitsekera Wokha

M'chigawo cha Derbyshire, ku England, muli kamudzi kotchedwa Eyam. M'chaka cha 1665 mtolo wa nsalu unafika kwa telala wa m'mudzimo kuchokera ku London, kumene mliri unali kupulula anthu. Patangopita masiku owerengeka, George Viccars, amene anamasula mtolowo, anamwalira.

Maliro atachuluka mu 1666, ambiri anafuna kuthawa. Koma mbusa wa parishiyo, William Mompesson wa mpingo wa Anglican, anagwirizana ndi Thomas Stanley, mbusa wakale amene ankasiyana naye maganizo pa za chipembedzo. Awiriwo anapempha anthu kuti asatuluke, kuopa kufesa nthendayo m'midzi ina. Anthu anavomera. Mapemphero ankachitikira panja. Chakudya chinkasiyidwa m'malire, ndipo ndalama zolipirira ankaziviika m'vinyo wosasa.

Lonjezolo linali lowawa. Anthu pafupifupi 260 anatisiya, pamodzi ndi Catherine, mkazi wa mbusayo. Mayi Elizabeth Hancock anaika okha m'manda amuna awo ndi ana 6 m'masiku 8.

Ife tinazolowera kuonetsa chikondi pomuyandikira mnzathu. Anthu a ku Eyam anakonda anansi awo powatalikira, podziwa kuti mwina iwo eni sadzapulumuka. Mpaka lero parishiyo imawakumbukira ndi mapemphero a panja, Lamulungu lomaliza la mwezi wa Ogasiti.