Chiwewe Chodza Usiku m'Nkhalango za Amazon

M'maiko ambiri a mu Africa chiwewe chimadziwika ngati nthenda ya agalu. Koma pakati pa Awajún, mtundu wa anthu okhala m'nkhalango za kumpoto kwa dziko la Peru, nthendayi imadza ndi mleme woyamwa magazi.

Mlemewu umaluma usiku, munthu ali m'tulo. Mano ake ngakuthwa kotero kuti wolumidwayo kawirikawiri sadzidzimuka. Amangoona magazi pachala kapena pamutu kutacha. Kalelo milemeyi inkadalira nyama zakutchire, koma azungu atabweretsa ng'ombe ndi akavalo m'zaka za m'ma 1500, idapeza chakudya chochuluka niswana kwambiri. Kumene ziweto zasowa, imatembenukira kwa anthu ogona m'nyumba zosatsekeka bwino.

Amene adatsimikiza kuti mileme yotereyi imapatsira anthu chiwewe ndi Dr Joseph Lennox Pawan wa ku Trinidad, m'zaka za m'ma 1930. Komabe nzeruyi idachedwa kupindulira a m'nkhalango. Katemera amapulumutsa munthu akaperekedwa msanga, zizindikiro zisanaoneke, pamene midzi yambiri ya Awajún idatalikirana ndi chipatala, ndipo ulendo wake ngwapabwato. Mu 2010 anthu oposa 500 adalumidwa, ndipo ana anayi adamwalira.

Imfa zotere zidachititsa akuluakulu a zaumoyo kuganizanso mofatsa. Mu 2011 boma la Peru lidayamba kutemera anthu a m'chigawo cha Condorcanqui asanalumidwe n'komwe. Popeza wolumidwa sankatha kufika kuchipatala m'nthawi yake, katemerayo ndiye adakwera bwato kukapeza anthu m'midzi mwawo.