Maliro Kwathu ku Machinga ndi ku Balaka

Akuluakulu anati maliro n'kulirana. Ine ndimaona kuti mbiri ya Machinga ndi Balaka, omwe anali boma limodzi kufikira 1998, imawerengeka bwino pa siwa kuposa m'mafaelo a ku ofesi kwathu.

Ayao atafika kuchokera ku Mozambique cha m'ma 1860, anapeza Amang'anja ali ndi miyambo yawo, ndipo ina inafanana. Mwini maliro sakumba manda. Ntchitoyo ndi ya adzukulu, amene Ayao amawatcha awilo, ndipo ali ndi ufulu wochita nthabwala ngakhale misozi ili m'maso. Mudzi wonse unkadika: okwatirana ankagona padera kufikira tsiku lometa, kuopa tsempho. Nyumba ya malemu inkagwetsedwa kuti mzimu usabwerere.

Imfa sinkangobwera yokha. J. Clyde Mitchell, amene anafufuza midzi ya Ayao a kuno, analongosola m'buku lake la 1956, The Yao Village, momwe kuganizirana ufiti pambuyo pa maliro kunkagawira midzi, wina n'kusamuka ndi mbumba yake.

Chisilamu chinabweretsa sanda, jeneza ndi kuika maliro msanga, komanso sadaka ya pa tsiku la 40. Chinabweretsanso mtsutso: a Kadiriya ankaperekeza maliro ndi sikiri, pomwe Asukuti ankati pamaliro pakhale chete. Akatolika nawo, atatsegula mishoni ya Utale mu 1908, anadza ndi nyimbo ndi mtanda.

Sitili tokha. Ku Ireland nako ankachezera mtembo usiku wonse, kuimitsa mawotchi ndi kuphimba magalasi, amayi akulira mokuwa, mpaka ansembe anakuletsa kulirako.

Zina zinayenera kutha ndithu. Kulanda katundu wa mayi wamasiye ndi mlandu pansi pa lamulo la chuma cha masiye la 2011. Koma ndimadandaula ndikaona adzukulu akukana kugwira khasu mpaka nsima ndi nyama zifike kumanda, banja losauka likukongola ndalama ya bokosi pomwe ana alibe fizi. Makolo anakhazikitsa udzukulu kuti wofedwa apepukidwe, osati asenzetsedwe ngongole.

Masamba obiriwira akadaikidwabe pamsewu wa ku Liwonde, ndipo wanjinga amatsika, wachipewa n'kuvula, ngakhale womwalirayo sakumudziwa. Tikataya zina zonse, ulemu umenewu tiusunge, pakuti tsiku lina masambawo adzaikidwira ife.