Nsabwe ya mumlengalenga ya Henri Mignet

Mu 1933, Henri Mignet wa ku France anaulutsa kandege kamene anakhoma yekha ndi matabwa ndi nsalu, koyendera injini ya njinga yamoto. Anakatcha Pou-du-Ciel, kutanthauza nsabwe ya mumlengalenga. Chaka chotsatira anatulutsa buku lotchedwa Le Sport de l'Air lofotokoza kakhomedwe kake mwatsatanetsatane, ndipo anthu wamba mazanamazana ku France ndi ku Britain anayamba kudzikhomera tawo m'magalaja.

Pofika mu 1936, angapo mwa iwo anali atafa pa ngozi. Akatswiri a ku Farnborough ataika kandegeko m'chipinda chopemerera mphepo yamphamvu, anapeza kuti cholakwika chinali m'pulani ya Mignet yemweyo. Kanali ndi mapiko awiri otsatizana. Kakaloza mphuno pansi kwambiri, woyendetsa n'kukoka ndodo kuti akadzutse, mpweya wochokera ku phiko lakutsogolo unkatukula lakumbuyo, ndipo mphuno inkaloweratu pansi. Ngakhale mmisiri wosamala kwambiri sakanapulumuka.

Maboma onse awiri analetsa mtunduwo kuuluka. Mignet anasintha mapiko ndi kakhalidwe kawo, ndipo ndege zotsatira pulani yokonzedwayo zikukhomedwabe m'makomo mpaka lero.