Njira Zokwerera Phiri la Mulanje

Phiri la Mulanje, lomwe lili kumwera kwa Malawi m'maboma a Mulanje ndi Phalombe, linakhala nkhalango yotetezedwa m'chaka cha 1927. Nsonga yake yayitali koposa ndi Sapitwa, yotalika mamita 3,002.

Anthu ambiri okwera phirili amanyamukira pa Likhubula, pomwe pali ofesi ya zankhalango komanso anamulondola ndi onyamula katundu. Kuchokera pamenepa, njira ziwiri zimafika kunyumba yogona ya Chambe. Ya Skyline ndi yachidule koma ndi chitunda chokhachokha. Ya Chapaluka imalambalala potsata mtsinje wa Likhubula, ndipo imadutsa pafupi ndi mathithi a Dziwe la Nkhalamba, pomwe alendo ena amangothera ulendo wawo. Njira ina, yochokera pa boma la Mulanje kupita kunyumba yogona ya Lichenya, ndi yotsetsereka kwambiri moti imavuta nthawi ya dzinja. A ku Phalombe amakwerera pa Fort Lister kulowera kunyumba yogona ya Sombani.

Pamwamba, tinjira timalumikiza nyumba zogona monga Thuchila, Chinzama, Madzeka ndi Minunu, kudutsa m'madambo a udzu ndi m'zigwa momwe mwatsala mitengo yochepa ya mkungudza. Opita ku Sapitwa amagona m'nyumba yogona ya Chisepo n'kulawirira mbandakucha, chifukwa gawo lomaliza ndi lokwawa m'miyala ikuluikulu.

Nyengo yabwino yokwera ndi kuyambira Meyi mpaka Okutobala. Komabe m'miyezi yozizira chiperoni chimatha kuphimba njira mwadzidzidzi, ndipo anthu ena okwera opanda namulondola anasochera mpaka kutaya moyo.