Masewero a ku Britain Ofufuza Imfa: Anthu Wamba Amene Amaposa Apolisi

Pa masewero amene mawailesi a kanema a ku Britain amapanga ndi kugulitsa ku maiko ena, pali mtundu umodzi umene wakhala ukukondedwa kwa zaka zoposa 40. Awa ndi masewero osimba za munthu wophedwa, koma amene amatulukira wakuphayo si wapolisi ai. Amakhala munthu wamba, monga mai wokalamba, wansembe kapena wosamalira maluwa.

Angerezi amawacha cosy crime, kutanthauza nkhani za upandu zimene munthu angathe kuonerera mtima uli m'malo, ali pamodzi ndi banja lake.

Mmene nkhani imayendera

Nthawi zambiri nkhani imacitikira m'mudzi waung'ono wa ku England, momwe muli chalichi cakale, sitolo imodzi ndi nyumba zozingidwa ndi maluwa. Anthu onse amadziwana maina. Koma monga mwambi unena kuti cikomekome ca mkuyu m'kati muli nyerere, tsiku lina mtembo umapezeka m'munda kapena m'cipinda cowerengeramo mabuku.

Magazi ndi nkhanza sizionetsedwa kwenikweni. Oganiziridwa amakhala owerengeka, ndipo aliyense ali ndi cimene akubisa: ngongole, cibwenzi camseri, mkangano wa cuma ca masiye kapena mwana wobadwira kunja kwa ukwati. Apolisi amafulumira kugwira munthu amene umboni ukuoneka ngati ukumuloza. Apa ndi pamene wofufuza wamba amalowererapo, ndipo pamapeto amalongosola mmene zonse zinacitikira ndi kuchula wolakwa weniweni.

Kumene anacokera

Masewerowa anacokera m'mabuku amene anachuka kwambiri ku Britain pakati pa nkhondo ziwiri zikuluzikulu za dziko lonse. M'caka ca 1929, wansembe wa Katolika amenenso anali mlembi, a Ronald Knox, anafalitsa malamulo 10 a kalembedwe ka nkhani zotere. Mwa zina, malamulowo anafuna kuti wakupha akhale munthu amene waonekera kale kumayambiriro kwa nkhani, kuti mizimu ndi matsenga zisalowemo, ndiponso kuti wofufuza asabisire wowerenga cizindikiro ciriconse cimene wapeza. Colinga cinali cakuti wowerenga akhale ndi mwai wotulukira yekha wolakwa. Masewero a pa kanema anatengera mwambo womwewu.

Mlembi wodziwika koposa onse ndi Mai Agatha Christie, amene anabadwira ku Torquay mu 1890 namwalira mu 1976. Pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse anagwira nchito yosakaniza mankhwala m'cipatala, ndipo n'cifukwa cake anthu ambiri m'mabuku ao amafa ndi ciphe.

Miss Marple

Mai Christie ndi amene anayambitsa Jane Marple, mai wokalamba wosakwatiwa wa m'mudzi wongopeka wa St Mary Mead. Anaonekera koyamba m'nkhani yaifupi mu 1927, ndipo buku loyamba lathunthu lonena za iye, The Murder at the Vicarage, linatuluka mu 1930. Mabuku athunthu onse alipo 12.

Wailesi ya BBC inasandutsa mabuku 12 onsewo kukhala masewero kuyambira 1984 mpaka 1992. Amene anasewera ngati Miss Marple ndi Mai Joan Hickson, omwe anali ndi zaka 78 pamene sewero loyamba linaonetsedwa. Wailesi ya ITV inapanganso ake kuyambira 2004 mpaka 2013, poyamba ndi Mai Geraldine McEwan, pambuyo pake ndi Mai Julia McKenzie.

Miss Marple alibe mfuti kapena mphamvu yomanga munthu. Amakhala pakona n'kumaluka, ndipo anthu amalankhula momasuka poganiza kuti nkhalamba siikumva. Akakumana ndi munthu wacilendo amamuyerekeza ndi wina wa kumudzi kwao amene anali ndi khalidwe lofanana, cifukwa amakhulupirira kuti mtima wa munthu ndi umodzimodzi kulikonse.

Ansembe ndi abusa

Gulu lina lalikulu la ofufuzawa ndi la anchito a mpingo. Father Brown, wansembe wa Katolika, anayambitsidwa ndi mlembi G. K. Chesterton mu 1910, potengera bwenzi lake, Bambo John O'Connor. ITV inaonetsa magawo 13 mu 1974, momwe munali a Kenneth More. Mu 2013 BBC inayamba sewero latsopano loonetsedwa masana, ndi a Mark Williams, ndipo magawo ake anapitirira 100. Nkhani zake zimacitikira m'mudzi wongopeka wa Kembleford m'zaka za m'ma 1950.

Father Brown amadziwa zoipa za anthu cifukwa ca zaka zambiri zomvetsera olapa. Cimene amafuna kwambiri n'cakuti wolakwa avomere chimo lake ndi kudzipereka yekha. Zimene wamva m'kulapa saloledwa kuuza apolisi, ndipo izi zimamuika pa mkangano ndi akulu a polisi kawirikawiri.

Sewero la Grantchester linayamba pa ITV mu 2014, kucokera m'mabuku a James Runcie, mwana wa amene anali Arkibishopu wa Canterbury. Limanena za m'busa wa Anglikani wa mudzi wa pafupi ndi Cambridge, amene amathandizana ndi wapolisi wochedwa Geordie Keating. Palinso Cadfael, limene ITV inaonetsa kuyambira 1994 mpaka 1998. M'menemo a Derek Jacobi anasewera ngati mmonke wodziwa zitsamba wa ku Shrewsbury, m'zaka za m'ma 1100.

Ena odziwika

Mu Rosemary & Thyme, sewero limene linayamba pa ITV mu 2003, amai awiri ogwira nchito yokonza minda ya maluwa amapeza mitembo kumene aitanidwa kukacita nchito. Mmodzi ndi katswiri wa matenda a zomera, mnzace anakhalapo wapolisi. Agatha Raisin, limene linayamba mu 2014, limasimba za mai amene anasiya nchito yapamwamba ku London nakakhala kumudzi, kumene iye mwini anayamba kuganiziridwa mlandu wakupha.

Cifukwa cake nkhanizi zimagwira mtima

Ngakhale masewerowa ndi ofatsa ndipo nthawi zina oseketsa, cimene ciri pa ngozi m'nkhani zake ndi moyo wa munthu wosalakwa. Ambiri amasimba za nthawi imene wopezeka ndi mlandu wakupha ku Britain anali kunyongedwa. Cilangoco cinaimitsidwa mu 1965 ndipo cinathetsedwa kotheratu pa milandu yakupha mu 1969.

Mantha amenewo sanali ongopeka. Mu 1950, Timothy Evans ananyongedwa ku London pa mlandu wopha mwana wake wamkazi. Patapita zaka zitatu zinadziwika kuti mwamuna wina wokhala m'nyumba yomweyo anapha akazi angapo. Evans anakhululukidwa ndi boma mu 1966, atamwalira kale.

Motero wofufuza wamba akamaumirira kuti apolisi agwira munthu wolakwika, amakhala akulimbana ndi cingwe. Amapambana cifukwa ali ndi cinthu cimene wapolisi wocokera kutali alibe: amadziwa amene anakangana ndi mnzake, amene ali ndi ngongole, ndi amene wasintha khalidwe mwadzidzidzi. Wolakwa akachulidwa, amene anali kuganiziridwa amamasuka, ndipo anthu a m'mudzi amayambanso kukhulupirirana ndi kudyera pamodzi.